Magolovesi a Mkwati M'manja mwa Wina

Loweruka limenelo ku Selbu otsala pakhomo anali odwala ndi ng'ombe basi. Mudzi wonse unathithikana mu holo, maso pa kanema wamkulu, kuonera ana a Norway akulimbana ndi mayiko ena ku Olimpiki ya nyengo yozizira. Panja chipale chofewa chinali chitafika m'mazenera. M'kati munali fungo la khofi ndi timakeke totchedwa mawefulo, ndi phokoso la mabelu a ng'ombe amene anthu ankagwedeza mpaka makutu kuwawa.

Eldrid anakhala pa benchi yakutsogolo. Nanga akanakhala kuti? Dzulo lake lomwelo bwenzi lake Audun anali atatengera dziko mendulo ya golide pa mpikisano wopatsirana wothamanga pa masikii, timatabwa totsetserekera pachipale, ndipo ukwati wawo unali utaikidwa kale m'mwezi wa Juni. Aliyense wodutsa ankamugwira paphewa ngati wathamanga ndi iyeyo.

Kumanzere kwake kunakhala amake Audun, a Oddlaug, atafunda mbendera. Kumanja amayi ake omubereka, a Gjertrud, ankaluka sokosi, kanemayo osamuyang'ana n'komwe.

"Munamuona dzulo mwana wanga mmene anakwerera chitunda chomaliza chija?" anatero a Oddlaug, mawu akudutsa pamutu pa Eldrid. "Wa ku Sweden uja anangotsala akuwerenga mitengo."

"Ndinamuona," anayankha a Gjertrud. "Ndikudikira tsiku limene ndidzamuone akukwera chitunda cha kukhola kwathu."

"Golide, amake Eldrid! Golide!"

"Amakamidwa?"

"Amayi, chonde," ananong'ona Eldrid.

A Gjertrud ukwatiwu anangouvomera ndi pakamwa. Eldrid anali woyamba kubadwa, famu inali yake, ndipo famu imafuna mwamuna wopezeka pakhomo, osati wongooneka pa kanema. Mtima wawo unali pa Halvard, mnyamata woyandikana nawo, amene anali asanapiteko kutali kuposa ku Trondheim. Koma mwana akalimbikira, ungatani.

Tsikulo unali mpikisano wa akazi, ndipo anapambana Benedikte, mtsikana wa ku Oslo wa mano oyera ngati a pa chikwangwani cha malonda. Holo inagwedezeka. Anthu anakumbatirana, khofi anatayika, nyimbo ya fuko inayambika aliyense payekhapayekha. Eldrid naye anaomba m'manja. Anali asanakhale naye chifukwa.

Kenako Benedikte anakwera pansanja ya opambana, nakweza manja onse awiri m'mwamba. Wojambula anayandikitsa chithunzi.

Amuna anapitiriza kukuwa, poti amuna saona kanthu. Koma akazi anangoti zii, mmodzimmodzi, kuyambira kutsogolo mpaka kukhomo.

Akazi a ku Selbu amawerenga magolovesi monga abusa awerengera Baibulo. Mtsikana wa kuno akamakwatiwa amalukira magolovesi amuna onse akuchimuna, ndipo pa tsiku la ukwati amawapachika pachingwe kuti mudzi uone manja ake. Okongola koposa amakhala a mkwati, ndipo amenewo savalidwa tsikulo lisanafike. Magolovesi a Audun, Eldrid anawaluka kuyambira masamba akuyoyoka mpaka Khirisimasi, akuda ndi oyera, ulusi wopyapyala ngati tsitsi, duwa lanyenyezi pamwamba, nyanga za nkhosa pachala chachikulu, chizindikiro cha banja lawo, ndi zilembo ziwiri m'munsi: E ndi A. Tsiku limene Audun ankanyamuka, chikondi chinamupusitsa Eldrid. Anawalowetsa m'thumba la jekete yake kuti azikamukumbukira. Amayi ake anamuuza pomwepo kuti za ukwati sizipita kumasewera. Sanamve.

Tsopano anali apo, m'manja mwa Benedikte, dziko lonse likuona.

"Si nyanga za kwa a Gjertrud zimenezo?" anafunsa mayi wina kumbuyo, ndi kunong'ona kuja kumene kumamveka holo yonse.

"Ndi zomwezo," anayankha mnzake. "Koma zayenda ulendo."

Mtolankhani anamuloza maikolofoni Benedikte n'kumufunsa za magolovesi okongolawo. Iye anawapsompsona, naseka.

"M'mawa zala zinandiuma ndi kuzizira, ndiye munthu wina wokoma mtima anandiveka awa. Taonani zimene achita! Sindiwasiya mpaka mpikisano womaliza."

A Gjertrud anakulunga sokosi yawo, nabaya singano mu ulusi.

"Tiye kwathu. Ng'ombe zili ndi ulemu kuposa anthu ena."

* * *

Asanavule ngakhale nsapato, Eldrid analemba uthenga: "Magolovesi ako ali kuti?"

Yankho linabwera dzuwa litapendeka: "Waona golide winanso? Kuno anthu apenga! Ndakusowa."

"Ndafunsa za magolovesi."

Foni inalira nthawi yomweyo.

"Eldrid, tamvera kaye."

"Ndikumva. Mudzi wonse wamva kale, ndatsala ine."

"Tinali pamalo odikirira, ake anali atanyowa, zala zikuchita kuyera. Anga anali m'thumba. Umafuna nditani, ndimuonerere zala zikuthothoka?"

"Timu yonse ya Norway, ndi makatoni onse aja a zovala, magolovesi anasowa? Anatsala a ukwati wanga okha?"

"Ndinangomubwereka."

"Iye wanena kuti unamuveka. Unamubwereka kapena unamuveka?"

"Kusiyana kwake n'kotani?"

"Kobwereka umapereka uli patali. Koveka umagwira dzanja."

Audun anapuma mozama. "Zala zake sizinkapindika, Eldrid. Ndiye wapambana. Ukudziwa mmene tilili ife othamanga, chimene wapambana nacho susintha mpaka masewera atatha. Ine amene masokosi anga sindinachape chifikireni kuno."

"Mupatse masokosiwo."

Audun anaseka. Kuseka kumeneko kunali kulakwa kwake kwachiwiri, ndipo kwachitatu sikunachedwe.

"Ndi ubweya chabe, wokondedwa."

"Ubweya chabe? Mwana wobadwira ku Selbu, ukutero ndi pakamwa pako? Maso anga anatsala pang'ono kufa ndi nyanga zimene zija!"

"Sindimatanthauza choncho. Loweruka likubwerali akangothamanga womaliza, ndiwatenga. Ndikulumbira."

Kumbuyo kwake kunamveka mawu a mkazi, opepuka, ozolowera: "Dunni, basi ikutisiya!"

"Dunni ndi ndani?" anafunsa Eldrid.

"Ndi mmene amanditchulira a m'timu."

"A m'timu onse ali ndi mawu amenewo?"

"Eldrid, ndithamange. Tilankhulana."

Eldrid anaima pakhonde foni ili m'manja, mpaka amayi ake anakuwa ali m'khitchini kuti atseke chitseko, sakutenthetsa dziko lonse iwo.

* * *

Pofika Lachitatu Norway yonse inali itagwa m'chikondi ndi magolovesiwo. Nyuzipepala zinawatcha magolovesi a mwayi. Wina anatulukira kuti A ndi Audun, ndipo tsiku lotsatira zithunzi za awiriwo zinali paliponse: Audun ndi Benedikte akudya, Audun ndi Benedikte akuseka m'basi, Benedikte atatsamira paphewa la Audun, maso ali tseke. Za E panalibe anafunsa.

Eldrid ankaziyang'ana zithunzizo mpaka kuziloweza. Ankadziwa kuti akudzibaya yekha, koma chala sichinkaleka.

Masana a tsikulo a Oddlaug anafika ndi keke. Munthu akabwera ndi keke pakati pa sabata, ndiye kuti akufuna chinthu. A Gjertrud anathira khofi, keke osamudula.

"Ndabwera kuti tikambirane ngati akuluakulu," anayamba a Oddlaug.

"Kambani. Ine mawu anga ndi amodzi. Mpikisano womaliza usanayambe, magolovesi akhale atachoka m'manja mwa mtsikana uja. Apo ayi, ndikauza abusa kuti mu Juni ali ndi Loweruka lopuma."

"Amake Eldrid, mukudziwa pamene zinthu zaima? Ife ndi a ku Sweden golide tafanana. Wotsala ndi mmodzi, wa Loweruka, ndipo amene angamutenge ndi Benedikte. Mukufuna a ku Sweden atiseke zaka zinayi chifukwa cha ubweya?"

"Atiseke. Ine sindinabereke Norway, ndinabereka Eldrid."

"Abweze Lamlungu m'mawa. Tsiku limodzi lokha."

"Loweruka, asanaime pamzere."

"Chabwino, abweze imodzi. Inayo atsale nayo."

"Mwana wanga sakwatiwa theka."

A Oddlaug anatembenukira kwa Eldrid, amene anali atatsamira pasinki, manja atapinda. "Mwana wanga, iwe ndiye ndimakudziwa kuti uli ndi nzeru. Wokwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima. Audun azijambulidwa ndi akazi moyo wake wonse. Uzilira chithunzi chilichonse?"

"Zithunzi sindinaluke ine, amayi," anayankha Eldrid.

"Mwamva?" anatero a Gjertrud. "Ndipo musaiwale kuti Halvard m'mawa uno watichotsera chipale pamsewu osamutuma. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo."

"Musandiopseze ndi Halvard. Munthu woti akaona mkazi amayamba kukamba za thirakitala."

"Thirakitala imagona pakhomo."

"Amayi, za Halvard zisiyeni!" anatero Eldrid. "Sindikumufuna Halvard."

"Nanga amene ukumufunayo akukufuna? Mufunse. Ine ndanena zanga."

A Oddlaug ananyamuka, navala chipewa. Pakhomo anabwerera, natenga keke wawo.

* * *

Eldrid akanatha kudikira. Mumtima ankadziwa kuti Audun si wachiphamaso, ndi wopusa chabe, ndipo wopusa amakhululukidwa. Lachinayi anafika polemba kuti "Chabwino, Loweruka likatha," chala chili pafupi kutumiza. Ndi pamene foni inalira, nambala yachilendo.

"Ndikulankhula ndi Eldrid? Ine ndi Benedikte! Nambala yako ndaitenga mufoni ya Dunni, usamukalipire, sakudziwa."

Eldrid anakhala pansi pang'onopang'ono. Foni ya Audun imatsekulidwa ndi nambala yachinsinsi.

"Ndakumva," anatero.

"Mchemwali, manja ako ndi odala! Sindinaonepo zokongola chonchi. Ndangoti ndikuimbire ndekha, poti ndaona Dunni sali bwino. Sakudya. Ukudziwa mmene amachitira akakhumudwa, amangozunguliza supuni m'mbale."

"Ndikudziwa mmene amachitira."

"Eya, ndiye ndamuuza kuti ndilankhula nawe, akazi timamvana. Ine sindikulanda kanthu ayi. Ndikungobwereka mwayi pang'ono. Loweruka likatha ndiwachapa bwinobwino m'makina, ndikutumizira ali onunkhira."

"M'makina?"

"Ndi madzi otentha, usadandaule."

Eldrid anatseka maso. Ubweya ukalowa m'makina ndi madzi otentha umatuluka wokwana chidole. Ku Selbu ngakhale mwana wa mkaka amadziwa zimenezo.

"Ukudziwa kuti magolovesi amenewo ndi a chiyani?" anafunsa.

"Dunni anandiuza, a ukwati kaya chiyani. Miyambo yanu ya kumudzi ndi yosangalatsa zedi! Komatu iyeyo ananena kuti siwovuta, umvetsa."

"Ananena choncho?"

"Anati Eldrid ndi munthu wodekha, amangodikira. Mwayi wake! Ine ndikanakhala iwe, mwamuna atachoka miyezi yonseyi, ali nafe limodzi m'misasa, m'mahotela, sindikanagona tulo. Uli ndi mtima wagolide, mchemwali."

"Golide ndi wako," anatero Eldrid. "Ine ndili ndi mlongo mmodzi, mchemwali ndilibe."

Anadula. Anafufuta uthenga uja, nalemba wina:

"Eldrid wodekha watopa kudikira. Akaima pamzere Loweruka ali ndi magolovesi anga, usavutike kubwera ku Selbu. Awa si mawu a amayi, ndi anga."

Audun anaimba kangapo. Eldrid sanayankhe. Kenako uthenga: "Ukudziwa chimene ukundipempha? Akaluza, timu yonse idzaloza ine."

"Sankha amene akuloze," analemba Eldrid, nazimitsa foni.

* * *

Loweruka holo inadzaza kuposa kale, koma benchi yakutsogolo inali ndi mpata waukulu. A Oddlaug anakakhala mbali ina ndi a kwaya. A Gjertrud lero sokosi anaisiya kunyumba. Anabwera kudzaona ndi maso awo.

Kanema anaonetsa othamanga akudumphadumpha kuti thupi litenthe. Mtsikana wa ku Sweden, wamtali, nkhope ngati mwala. Kenako Benedikte. Maso ofiira, milomo yothina, akuuzira mpweya m'zala. M'manja mwake munali magolovesi wamba a timu.

"Alibe!" anakuwa bambo wina. "Magolovesi a mwayi alibe!"

Mtima wa Eldrid unadumpha ngati mwana wa ng'ombe wotulutsidwa m'khola nyengo yozizira itatha. Wasankha ine. Pamaso pa dziko lonse, wasankha ine. Anagwira dzanja la amayi ake, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anapumira pansi.

Mfuti inalira. Unali mpikisano wautali, wodutsa m'nkhalango ndi m'zitunda, ndipo posakhalitsa ena onse anatsalira. Kutsogolo kunatsala awiri, Benedikte ndi wa ku Sweden, ndodo zikubaya chipale nthawi imodzi ngati munthu ndi mthunzi wake. Eldrid anadzipeza akupemphera. Apambane, Ambuye. Apambane wopanda magolovesi anga, nkhani ithere pomwepo.

Pachitunda chomaliza Benedikte anali patsogolo. Mabelu analira, anthu anaimirira pamabenchi, a Oddlaug ankamenya mnzawo wa kwaya ndi mbendera osadziwa. Polowa m'bwalo wa ku Sweden anatulukira kumbali. Anafika pamzere limodzi, onse ataponya mwendo kutsogolo, nagwera m'chipale.

Chithunzi chinabwerezedwa pang'onopang'ono. Nsonga ya nsapato ya wa ku Sweden inali patsogolo, mpata wake wosakwana chikhatho.

Mu holo munamveka khofi akuwira kukhitchini.

Benedikte anagona chafufumimba, mapewa akugwedezeka. Ndiye munthu wina analumpha mpanda wa oonerera, nathamangira kwa iye. Audun. Anagwada m'chipale, namudzutsa, nagwira nkhope yake ndi manja onse awiri. Wojambula uja, amene sanaphonyepo kanthu, anayandikitsa chithunzi.

Audun anali atavala magolovesi a ukwati wake. Ndi chala chachikulu, pamene pali nyanga za nkhosa, ankapukuta misozi ya Benedikte, tsaya ili, kenako linalo, akumunong'oneza mawu amene kanema sanagwire.

"Mawu wasunga," anatero a Gjertrud mouma. "Wawatenga. Pangano ndi pangano, ukwati ulipo."

"Mukuona pamene ali, amayi?"

"Ndikuona. Za misozi sitinapangane."

Mtolankhani anafika ndi maikolofoni yake, nafunsa funso limene dziko lonse linkafuna: magolovesi a mwayi anapita kuti?

Benedikte anayesa kumwetulira. "Mwini wake anawafuna m'mawa uno. Sindikuimba mlandu munthu. Ku Selbu kuli wina amene anaona kuti ndi ofunika kuposa golide wa Norway. Ndikhulupirira lero wasangalala."

Mitu yonse mu holo inatembenukira kwa Eldrid. Anthu omwe aja amene sabata yatha ankamugwira paphewa, tsopano ankamuyang'ana ngati nkhandwe yogwidwa m'khola la nkhuku.

"Chikhatho chimodzi," anang'ung'udza bambo wina. "Ndi magolovesi aja akanadutsa."

"Magolovesi amathamanga?" anakalipa a Gjertrud. "Akanakhala amathamanga bwenzi ife akazi a kuno tili ndi mamendulo odzaza nkhokwe! Yang'anani kanema, mwana wanga si kanema!"

Foni ya Eldrid inanjenjemera m'thumba. Audun: "Ndachita zimene unafuna." Analemba zokhazo. Za kumusowa panalibe.

Anthu anayamba kusonkhanitsa makapu mwakachetechete. A Oddlaug anali atatuluka panja ndi foni kukhutu. Pobwerera sanapite kumpando wawo. Anaima kutsogolo, pansi pa kanema, naomba m'manja kawiri.

"Tamverani, anthu a kwathu. Ndalankhula ndi Audun. Afika Lachiwiri masana, ndipo phwando lomulandira lili m'holo muno monga tinakonzera." Anaima kaye, maso awo nafuna Eldrid mpaka kumupeza. "Sabwera yekha. Ndamuitana Benedikte. Mudzi uno uli ndi chopepesa kwa mwana ameneyo, ndipo wavomera."

"Akafikira kuti?" anafunsa a Gjertrud. "Hotela yatsekedwa mpaka Pasaka."

"Kwanga. Chipinda chilipo, choyang'anana ndi cha Audun."

Eldrid anamva magazi akukwera mpaka m'makutu. Amayi ake anali atatsegula kale pakamwa, koma iye anawagwira pamkono, naimirira. Anayang'ana a Oddlaug m'maso.

"Mwachita bwino, amayi. Mlendo alandiridwe. Muwauze kuti asavutike ndi basi, kubwalo la ndege ndikawatenga ndine."

A Oddlaug anaphethira. Mu holo anthu anayang'anana. A Gjertrud okha ndiwo anamwetulira, koyamba chiyambireni Olimpiki, poti galimoto ya pafamu pawo, kupatula woyendetsa, ili ndi mpando wa munthu mmodzi.